Makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa: ndemanga ya banja lokhala m'boti

Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, yachisanuyo ndaimana dala. Makinawa, omwe anthu a maboti amawatchula kuti watermaker, amachitadi zimene zinalembedwa pa bokosi lake. Amakoka madzi a m'nyanja yamchere n'kutulutsa akumwa, malita pafupifupi 30 pa ola, pogwiritsa ntchito mabatire a 12V a m'boti. Chimene wogulitsa sanena n'chakuti mukangowamanga, zochita zanu za tsiku zimayamba kuyendera nthawi ya makinawo.

Tilipo awiri, ine ndi amuna anga, m'boti la matanga la mamita 11. Sitiwoloka nyanja zikuluzikulu ayi. Timayenda motsatira gombe, madzulo n'kuponya nangula pamalo obisika ku mphepo, ndipo pakatikomera timakhalapo mpaka nyengo itatisamutsa. Anzathu ambiri ankati kwa anthu oyenda chonchi makina otere n'kutaya ndalama, poti doko lililonse lili ndi mpopi. Mpopiwo ulipodi. Koma kuti mukaufike muyenera kuzula nangula, kulowa padoko, kudikira malo, mwinanso kulipirira usiku wathunthu chifukwa cha madzi okha. Apo ayi, mutenge zigubu mukwere kabwato kopitira kumtunda. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo kuchinyamula utaimirira m'kabwato kogwedezeka ndi mafunde kuti mnzako achilandire pamwamba, msana umadandaula mpaka mawa lake. Thanki yathu ndi ya malita 300, ndipo kale ndi iyo imene inkatiuza kopita. Malo abwino tinkachokapo tisanafune chifukwa madzi atsika.

Kuti mumvetse zovuta zake, muyambe mwadziwa mmene makinawa amagwirira ntchito. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Mcherewo umatsala madzi akakankhidwa mwamphamvu kudutsa mu membrane, kansalu kopyapyala kokulungizidwa m'kati mwa chipaipi cholimba. Njirayi imatchedwa reverse osmosis, ndipo imafuna mphamvu ya ma bar pafupifupi 55, pomwe tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono basi. Pa malita 10 alionse olowa, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imafika m'thanki. Enawo amabwerera m'nyanja ndi mchere wonse. Tinasankha mtundu umenewu chifukwa madzi otayidwawo, asanatuluke, amathandiza kukankha amene akulowa, choncho makina amangodya magetsi ochepa, ma amp 9 kapena 10. Mitundu yopanda luso limeneli imadya magetsi ochuluka kwambiri moti kawirikawiri imafuna injini kapena jenereta ikulira pambali. Ife sola yatikwanira.

Koma sola ili ndi nthawi yake. M'mawa mabatire amakhala atafooka ndi firiji komanso nyali ya nangula yomwe yayaka usiku wonse, ndiye makina timawayatsa dzuwa likakwera, cha m'ma 11 koloko, n'kuwasiya ola limodzi ndi theka kapena awiri. Madzi oyambirira timataya chifukwa amakhala ndi kamchere. Kenako amuna anga amatunga pang'ono m'kapu n'kuviikamo kachipangizo koyezera mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, ndipo nambala ikatsika pansi pa mamiligalamu 500 pa lita amatembenuza vavu kuti madzi alowe m'thanki. Athu amakonda kuima pakati pa 200 ndi 300. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti madzi okhala ndi zosungunuka zosafika mamiligalamu 600 pa lita amamweka bwino, ndipo akapyola 1,000 amayamba kuipa m'kamwa. Kakomedwe ka madzi athuwa ndi kozizira chabe, kopanda fungo lililonse. Masiku oyamba ndinkamva ngati mukusoweka kanthu, pano madzi a pampopi wa padoko ndi amene amandinunkhira mankhwala.

Chimene chandisangalatsa koposa si madzi akumwa, poti akumwa okha sanatisowepo. Ndi madzi otsukira mchere. Munthu amene sanagonepo m'boti sadziwa mmene mchere umalowerera paliponse. Ukasambira m'nyanja n'kungodzipukuta, thaulo limatenga mchere. Mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye thaulolo siliuma, zofunda zimakhala zonyowanyowa, mapilo amayamba nkhungu. Tsitsi limauma n'kumathothoka. Zipi za majekete zimagwira. Tsopano aliyense akatuluka m'madzi amadzitsanulira abwino asanalowe m'kati, ndipo m'chipinda mwathu mwauma. Mbale tinkatsuka ndi madzi a m'nyanja n'kutsukuluza ndi kapu imodzi yoyezera. Kapu imeneyo inkatikanganitsa kuposa china chilichonse. Ine ndikatsegula mpopi, pampu inkalira boti lonse, ndipo kuchokera panja ndinkamva mawu: "Mayi, mukusamba kapena mukuchapa?" Anthu awiri okhala pamalo ochepa chonchi, osakhala ndi kothawirana, safunika kumawerengerana madzi. Masiku ano mawu amene ndimamva ndi akuti, "Mayi, chapani lero, mawa kuli mitambo." Timagwiritsa ntchito malita pafupifupi 40 patsiku popanda kuyang'anana.

Nyenyezi ija ndaimana pa zifukwa izi. Makinawa amakonda madzi oyera a pakati pa nyanja, pomwe oyenda m'mbali mwa gombe timakhala m'madzi akuda kawirikawiri. Padoko simungawayatse chifukwa mafuta ndi dizilo woyandama zimawononga membrane. Pafupi ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, matope amatseka masefa awiri a kutsogolo, ya ma micron 20 ndi ya ma micron 5 (muyeso wa kukula kwa tinthu timene sefa imagwira), ndipo mumaona madzi akuchepa pa ola lomwelo. Nthawi zina pamalo ooneka bwinobwino pamakhala tizamoyo tating'onoting'ono tambirimbiri, sefa n'kusanduka yobiriwira. Kabuku ka malangizo kamangoti musinthe masefa pakafunika kutero, osatchula kuti oyenda kugombe amasintha pafupipafupi kuposa owoloka nyanja. Choncho pamene tikusankha pogona timafunsananso ngati madzi ake ndi osefeka.

Komanso safuna kukhalitsa osagwira ntchito. Pakadutsa masiku asanu kapena sabata osayatsidwa, muyenera kuwatsukuluza ndi madzi abwino, apo ayi tizamoyo totsalira m'kati timafa n'kuola, ndipo mukadzayatsa mumalandiridwa ndi fungo la dzira lovunda. Kutsukuluzako kumadya madzi omwe munasefa kale. Ngati m'thanki munathiramo a padoko, dziwani kuti klorini amaononga membrane, ndiye sefa ya makala yomwe imamuchotsa isamakalambe. Mukafuna kusiya boti kwa milungu yambiri, pali mankhwala osungira omwe amathiridwa m'kati, ntchito yotenga masana onse. Kunena zoona amuna anga amasangalala nazo zimenezi, amagona chafufumimba pansi pa bedi ndi tochi pamphumi akuimba mluzu. Kukanakhala kuti tonse ndife odana ndi masipanala, sindikanalangiza munthu kugula.

Phokoso lilipo koma lopiririka, kugunda kwapansipansi pakapita masekondi angapo. Tinawamanga pansi pa malo ogona, ndiye tulo ta masana tinatha. Boti likamayenda chopendekeka pamafunde, paipi yokokera madzi imameza mpweya ndipo makina amatsamwa. Ife timangodikira mpaka titaponya nangula. Malita 30 aja anayezedwa m'madzi ofunda madigiri 25. Madzi akazizira amatuluka ochepa, ndipo m'nyanja zamchere wambiri monga Mediterranean kapena Red Sea musadabwe akamaperewera pang'ono.

Vuto lenileni linachitika kamodzi, pamene kamphira ka polumikizira kanayamba kudonthetsa madzi amchere m'kabati. Ogulitsa anayankha uthenga wathu tsiku lomwelo, anatiuza molondola kamphira koyenera kusintha, ndipo anatumiza katsopano osalipiritsa. Pamenepo ndilibe nawo chifukwa. Chovuta chinali kolandirira, poti boti lilibe adiresi. Tinachita kupempha ofesi ya doko lina kuti itisungire phukusi, n'kukakhala pamenepo kulidikira mphepo yabwino ikutipita. Kamphira kochepa ngati kameneko kanayenera kubwera m'bokosi limodzi ndi makina.

Ngati mumagona padoko masiku ambiri, kapena mumakwera boti Loweruka ndi Lamlungu pokha, musagule. Mudzatha nthawi kutsukuluza makina omwe simukuwagwiritsa ntchito. Ngati mumakhala m'boti momwemo, mumakonda kugona pa nangula ndipo sola yanu imadzaza mabatire lisanafike pamutu dzuwa, gulani. Poitanitsa muonjezeretu masefa ambiri a ma micron 5, sefa ya makala yapadera, timphira ta polumikizira paliponse, mankhwala osungira, ndi batire la kachipangizo koyezera kaja. Zigubu ziwiri muzisungebe zodzaza.