Ma indiketa pa Land Rover yakale: nyali ndi zabwino, koma flasher inapsa tsiku lomwelo

Seti ija ya ma indiketa imene ili mbwee m'mashopu a zipangizo za galimoto pa Boma pano ku Mangochi, ya m'katoni yokhala ndi switchi yomangira pa chiwongolero, nyali zinayi ndi flasher (kachipangizo kamene kamachititsa nyalizo kuphethira), siyenera kugulitsidwa kwa mwini galimoto yakale osamufunsa kaye kuti, "Pa batire yanu, ndi mutu uti umene unamangidwa ku chasisi?" Amene anandigulitsa sanafunse. Ndinawauza kuti ndi ya Land Rover Series I ya 1955, yopanda ma indiketa chibwerere, iwo n'kuyankha kuti, "Madala, bola ikhale 12 volts, imalowa paliponse." Limeneli ndi bodza, ndipo pa mtengo umene akutchajawo limawawa.

Ma Land Rover a zaka zimenezo, monganso Morris Minor ndi galimoto zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo, ndi a positive earth: mutu wa pulasi ndi umene umapita ku chasisi, mosiyana ndi galimoto za lero. Flasher ya m'katonimo ndi ya electronic, ya miyendo itatu yolembedwa 49, 49a ndi 31. Mwendo wa 31 umafuna mayinasi, ndiye mukaumanga ku chasisi ya galimoto yotere magetsi amalowa chobwerera. Titangotembenuza kiyi, inalira kamodzi kuti tche, kenako fungo la pulasitiki wopserera, n'kuthera pomwepo.

Ndinabwerera nayo masana omwewo, lisiti lili m'manja. Mnyamata wa pakauntala sanaikhudze n'komwe. Anangoloza chipepala cha pakhoma choti zamagetsi sabweza, n'kunena kuti walakwitsa ndi amene analumikiza mawaya. Analakwitsa pati, pomwe anatsatira chithunzi cha m'katoni mwawomo, chimene sichitchula positive earth paliponse? Mwini shopu anali pomwepo, ali pa foni, osadzutsa mutu ngakhale pang'ono. Kusadziwa si mlandu, koma kutsimikizira kasitomala chinthu chimene sukuchidziwa kenako n'kumukankhira vuto, kumeneko ndiye kundikwiyitsa.

Imene imagwira pa galimoto zimenezi ndi flasher yachikale ya thermal, ya kachitini, yolembedwa X, L ndi P. Ilibe nazo ntchito zoti magetsi alowera mbali iti, chifukwa m'kati mwake muli kachitsulo kamene kamapinda kakatentha n'kubwerera kakazizira. Mwendo wa X umalandira magetsi kuchokera pa waya umene umakhala ndi moto kiyi ikatsegulidwa, podutsira pa fyuzi ya 10 amps. L amapita ku switchi, P ku kanyali kokukumbutsani kuti mwaindiketa. Chimene imafuna ndi mababu awiri a 21 watts mbali iliyonse, kutanthauza 42 watts, pafupifupi 3.5 amps. Mababu a LED amakoka magetsi ochepa kwambiri moti kachitsulo kaja sikatentha, ndipo pa positive earth ambiri a iwo sayaka n'komwe. Nyali ziyenera kuphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi. Zikasintha liwiro, ndiye kuti babu wina wapsa kapena earth, njira imene magetsi amabwerera nayo ku chasisi, yafooka.

Mkwiyo pambali, nyali zake sindingazinyoze. Galasi lake ndi lokhuthala, labala wake amatseka bwino, ndipo patatha miyezi inayi pa msewu wa ku Monkey Bay ndi m'tinjira tafumbi ta kunyanja, simunalowe fumbi kapena madzi. Zimaoneka ngakhale dzuwa likuswa mtengo, zomwe n'zofunika potsika mlatho wa Bakili Muluzi, pamene akabaza ndi a njinga zamoto amakhala pambali panu ndipo dzanja lotulutsa pawindo saliona msanga. Chifukwa cha nyalizi ndikuipatsa setiyi nyenyezi zitatu, osati imodzi.

Chofooka chake n'chakuti nyali iliyonse ili ndi waya mmodzi, earth imadalira bawuti. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, ndipo pamene bawuti wachitsulo wakumana ndi aluminiyamu, chinyezi cha kuno chimabala ufa woyera umene umatseka magetsi. Nyali iliyonse muikokere waya wake wakuda mpaka ku chasisi, palani penti pomangirapo, pakani girizi pang'ono. Mawaya a m'katonimo ndi opyapyala ndiponso safika kumbuyo. Gulani mamita 15 a waya wa 1.5 mm². Mukapeza mitundu ya mawaya ya Lucas, kampani ya ku Britain ya zamagetsi za galimoto, ndi bwino: wobiriwira wa mzere wofiira kumanzere, wobiriwira wa mzere woyera kumanja, kuti makaniko wina mawa asavutike. Paliponse pamene mwabowola ikani kalabala, apo ayi mphepete mwa bowolo mudzadula waya n'kuotcha fyuzi.

Switchi ndi yolimba koma siyibwerera yokha mukamaliza kukhota, muyenera kuizimitsa ndi dzanja. Lamba wake womangira amamasuka m'mabampu, ndiye muziumangitsa pakapita nthawi, ndipo palani penti pa chitsulo cha chiwongolero pamene wagwira, chifukwa kanyali ka pa switchi kamapezera earth pomwepo.

Flasher ya thermal ndinakaipeza kwa wogulitsa zipangizo zakale mumsika, ndipo ikugwira mpaka lero. Ya kushopu ija ndalama yake sanabwezebe.