Ndinapopetsa mankhwala oteteza dzimbiri kunsi kwa MX-5 yanga, nazi zomwe ndaona mchere utadutsa

Ndinadikira dala kuti nyengo yozizira idutse kaye ndisanalembe izi, chifukwa tsiku lokatenga galimoto ku garaja chilichonse chimaoneka bho, kunsi kuli mbee, koma chomwe chimaulula ntchito ndi mchere wa mu January. Pano tili mu April, dzana ndinakwezetsa galimoto ndikulowa pansi ndekha ndi tochi, ndiye tsopano nditha kuyankhula.

Galimoto yake ndi Mazda MX-5 ya 2003, ija ya mipando iwiri ya denga lansalu, kuno amaitchula Mk2.5. Ndimakhala chakufupi ndi Leeds ku England. Kumudzi za dzimbiri sitiziganizira kwenikweni, ukamagula galimoto umamvetsera injini, kuona matayala, kufunsa mtunda womwe yayenda basi. Kuno ndi zina abale anga. Kukangoyamba kuzizira malole a khonsolo amayenda usiku kumwaza mchere mumsewu kuti madzi asaundane, mchere wofiirira uja wa mumgodi, wambiri umachokera ku Winsford ku Cheshire, ndiye ukasakanikirana ndi madzi ndi matope matayala amauwaza kunsi konse, ndipo kagalimoto aka nkakafupi, kamayenda mimba ili pafupi ndi tala. Mcherewo umakanirira m'makona nkumadya chitsulo mwakachetechete.

Chinandidzidzimutsa ndi MOT ya chaka chatha, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Inapasa inde koma anandilembera chenjezo la dzimbiri kumbuyo kwa sill, chitsulo chachitali chija cha pansi pa chitseko. Woyezayo anandifotokozera kuti dzimbiri likafooketsa chitsulo mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa lamba wapampando, sasipenshoni, chiwongolero kapena mabuleki, galimoto siipasa. Mtima unandiwawa, galimotoyi ndinaisungira ndalama zaka ziwiri.

Garaja yomwe ndinapita ndi yaying'ono, anthu atatu, ntchito yawo ndi dzimbiri ndi kuwotcherera basi. Chomwe chinandikopa tsiku loyamba ndichoti mkulu wapamalopo anakana kutchula mtengo asanaione. Anaikweza nkundiitana kuti ndibwere ndidzaone ndekha. Eeh. Amene anali nayo kale anapaka chinthu chakuda chokhuthala ngati tala pamwamba pa dzimbiri osapala nkomwe, ine pogula ndinaona mwakuda mosalala ndinkati ndiye kusamalidwa kumeneko. Mkuluyo anangolowetsa sikuludiraiva pang'ono, chikhungwacho nkumatuka ngati khungwa la mtengo wouma, kuseri kwake kunali konyowa, kofiira. Chinthu chija chikauma chimang'aluka, madzi amalowera m'ming'alumo osatulukanso, ndiye dzimbiri limathamanga kuposa chikanakhala chitsulo chapamtunda chomwe mphepo imaumitsa. Kumbuyo kwa sill yakumanzere sikuludiraiva inalowa yonse. Anandiuza mosapsatira kuti sapopera kanthu pamenepo asanadule ndi kuwotcherera chitsulo chatsopano, akanakhala ngati akumanga bandeji pa chilonda chosatsuka.

Kenako analowetsa kakamera kakang'ono mkati mwa zitsulo za chasisi zakutsogolo. Pa Mk2 zitsulo zimenezi nzophatikiza, chinyezi chimabisala pakati ndipo zimaola kuyambira mkati, ukamadzaona kutupa panja ndiye kuti zapita kale patali. Zanga zinali ndi dzimbiri lapamwamba chabe, ndinapumira m'mwamba.

Ntchito yeniyeni inayenda chonchi, ndipo ananditumizira zithunzi za gawo lililonse. Anachotsa matayala ndi mapulasitiki onse a kunsi, kutsuka ndi nthunzi yotentha, nkuisiya masiku awiri ikuuma ndi makina ouzira mpweya wotentha. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake aja amati bweretsani m'mawa mudzatenge madzulo ndi otchipa, ukapopera phula loteteza dzimbiri pa chitsulo chonyowa watsekera madzi mkati. Itauma anapala tala wakale uja yense ndi burashi yawaya, pomwe panali dzimbiri lotsalira anapaka mankhwala aja amalisandutsa lakuda lolimba. Pomaliza ndi pomwe anapopera mitundu itatu ya phula la kampani ya Bilt Hamber: Dynax S50 mkati mwa ma sill, mu chasisi ndi m'munsi mwa zitseko kudzera pa kapayipi kakatali kofewa komwe kamawaza mbali zonse, Dynax UB m'malo omwe matayala amaponya miyala ndi pansi ponse, ndiye pa zitsulo za sasipenshoni ndinapempha Dynax UC yoonekera mkati kuti dzimbiri likamabwerera ndizilione msanga. Zakuda zobisa zinthu ndinali nditatopa nazo.

China chomwe sindinkachidziwa nkomwe ndi timipaipi totulutsa madzi a padenga. Mvula ikagwa pa denga lansalu madzi amatsikira kuseri kwa mipando nkutulukira pansi patsogolo pa matayala akumbuyo, tsono timipaipito tikatsekeka ndi masamba ndi dothi madzi amasefukira mu sill. Kamodzi kanali kotsekeratu, mbali yomweyo yomwe inabooka. Anatsegula ndi kaburashi kakatali kotsukira lipenga la trombone, anandionetsa pomwe ndizilowetsa, pano ndimachita ndekha mwezi ndi mwezi, makamaka mu October ndi November masamba akamayoyoka.

Ndinalipira mapaundi 520 a mankhwala ndi ntchito, 300 owotcherera. Nzambiri, koma sindikudandaula nazo.

Chomwe ndikudandaula nacho ndi nthawi komanso kusalankhula. Anati masiku atatu, inatenga sikisi, ndipo palibe anandiimbira kundiuza kuti zasintha, ine ndi amene ndimaimba tsiku lililonse foni nkumangoitana. Ndimagwira mashifiti oyamba m'mawa kwambiri, kukwera mabasi awiri mdima usanachoke si zocheza, akanangondiuza poyamba kuti sabata yathunthu ndikanakonzekera. Chachiwiri sanandichenjeze kuti kukatentha phula la mkati limadontha kudzera m'timabowo ta pansi. Inali August, ndinaimika pakhomo pa alandilodi, m'mawa mwake madontho abulauni pa simenti, ndinachita kukhula ndi manyazi. Ikani makatoni pansi sabata yoyamba. Lina linagwera pa ekizozi, masiku awiri oyamba kunali kautsi ndi fungo, linatha lokha koma akanaphimba bwino. Bawuti imodzi yomwe inathyoka pomasula anaika yatsopano osandilipiritsa, apo ndiwayamikire.

Nanga dzana ndinapeza chani? Galimotoyi sindinaibise m'nyumba ngati anzanga ena amachitira kukazizira, yayenda mumchere tsiku ndi tsiku kupita kuntchito. Pomwe anawotcherera pali bwinobwino, palibe ngakhale kadontho kofiira. Pansi ponse phula lidakalipo ndipo ukalikanda ndi chikhadabo likadali lofewa, silinaume nkung'aluka ngati tala uja. Kamera mu chasisi inaonetsa zofanana ndi zithunzi za August. Pomwe lapyapyala ndi m'malo a matayala akutsogolo pomwe miyala imamenya, komanso pa mitu ya mabawuti ena akumbuyo pali kufiira pang'ono, nzoyembekezeka ndipo anandiuziratu zimenezo. MOT ya mu March yapasa popanda chenjezo la dzimbiri. Ine mbali yanga ndimatsuka kunsi ndi payipi yamadzi wamba pakatha masabata awiri aliwonse, osati jeti yamphamvu ija pafupi, imasuwula phula.

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, imodziyo yapita chifukwa cha foni ija. Ndabukitsa kale tsiku mu September kuti adzawonjezere phula kutsogoloko malole amchere asanayambe kuyenda, ndipo ulendo uno ndawapempha kuti tsiku lotenga galimoto andilembere pa meseji.