Maphunziro olemba pa Wikipedia: aulere, koma pitani mutakonzeka

Ngati mukufuna kuyamba kulemba pa Wikipedia, maphunziro amene gulu la anthu ongodzipereka limachititsa ndi oyenera kupitako. Salipiritsa, ndipo ophunzitsawo nawonso salandira kanthu.

Chimene chinandisangalatsa n'choti sachulutsa zokamba. Mayi amene ankatitsogolera anangoti aliyense atsegule akaunti, kenako tiyambe kulemba pa tsamba loyeserera. Nditalemba chiganizo chopanda gwero, analoza pa sikirini n'kundifunsa kuti, "Izizi mwazitenga kuti?" Pa Wikipedia zimene ukudziwa wekha sizikwanira ayi. Pamafunika buku, nyuzipepala kapena magazini yodalirika. Anandionetsa batani loikira gwerolo, tinadina limodzi mpaka kanambala kakang'ono kanatulukira kumapeto kwa chiganizo.

Koma pa zithunzi pokha sindinakhutire. Kuika chithunzi pa Wikimedia Commons (malo a pa intaneti osungirako zithunzi zogwiritsa ntchito pa Wikipedia) ndi laisensi ya CC BY-SA kumatanthauza kulola aliyense kuchigwiritsa ntchito, ngakhale pa malonda, bola atchule mwini wake ndi kusunga laisensi yomweyo. Nkhani yaikulu chonchi anaikamba ngati akuthawa mvula, moti ambiri tinatuluka tikufunsanabe.

Tengani laputopu. Pa foni zimatheka ndithu, koma kuika magwero kumatopetsa.