Khola la neti loweteramo agulugufe ndi labwino, koma zipi yake ndi yofooka

Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Salima, ndipo kholali ndinaligula mu Januwale kwa wogulitsa wina wa ku Lilongwe, nditatopa ndi kujambula pa bolodi dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe, ana n'kumangoloweza zinthu zomwe sanazionepo zikuchitika. Ndikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kholali ndi lopepuka, limapindika mosavuta, ndipo mbali imodzi ndi ya pulasitiki yoonekera mkati, moti ana amatha kuona zonse popanda kulitsegula. Mbozi sitinachite kugula, chifukwa ophunzira anazitola pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Zikadali zazing'ono zimafanana kwambiri ndi zitosi za mbalame, mwakuti ena anakanitsitsa kuti n'zamoyo mpaka pamene zinayamba kudya masamba, ndipo zitafundula kangapo zinasanduka zobiriwira. Mnyamata wina ataikhudza imodzi ndi kaudzu, inatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira kumbuyo kwa mutu pamodzi ndi fungo loipa, kalasi yonse n'kuphulika ndi kuseka, ine n'kupezerapo mpata wofotokoza mmene mbozi imadzitetezera kwa adani.

Chondidandaulitsa ndi zipi, yomwe inayamba kulumpha mano sabata yachiwiri yomwe, n'kusiya kampata pakona. Lolemba lina m'mawa tinapeza nyerere zitalowera pomwepo ndi kupha mbozi ziwiri. Wogulitsayo nditamuuza sanandiyankhe, choncho telala wa pamsika ndiye anasokerapo zipi ina, ndipo miyendo ya tebulo tinaiviika m'zitini za madzi. Wogula adziwenso kuti kutentha kwa kuno kunyanja kumafotetsa masamba msanga, makamaka m'kalasi ya malata. Ife tinkaika nthambi m'botolo la madzi, pakamwa pake titatsekapo ndi kansalu kuti mbozi zisamire.

Neti yake imagwirika bwino, ndipo mbozi zotsalazo zinakwera n'kudzimangirira ndi kaulusi m'chiuno pamene zinkasanduka zikwa. Patapita pafupifupi masabata awiri, gulugufe woyamba anatuluka tili pakati pa phunziro la masamu, mapiko ali okwinyika ndi onyowa, ndipo ndivomereze kuti masamuwo anathera pomwepo. Anakhala lende kupitirira ola lathunthu mpaka mapiko akuda a mawanga achikasu atatambasuka, kenaka mtsikana amene ankabweretsa masamba tsiku lililonse anatsegula zipi ya telala ija, gulugufeyo n'kuuluka kulunjika ku mandimu komwe tinamutola.