Anati computer box yapsa, pomwe vuto linali fyuzi ndi alternator

Garaja imene inakonza galimoto yanga ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za bambo wamagetsi amene amagwira ntchito kuseri kwa garajayi. Mnyamata wolandira makiyi kutsogolo uja sindingamupatse ngakhale imodzi.

Batire la galimoto yanga linandithera nditaiwala kuzimitsa magetsi usiku wonse. Aneba anabwera ndi galimoto yawo kudzandijampitsa kunja kusanache bwino, ndipo mu mdimawo chopanira chofiira chinapita pa minus, chakuda pa plus. Moto unathetheka phaa! Tinachotsa msanga, mwina patatha masekondi atatu, koma fungo la pulasitiki wopserera linali litamveka kale. Titalumikiza bwino, dashibodi inali mdima bii. Mawindo osatsika, mawaipa osayenda, wailesi chete. Chimene chinkalira ndi hutala basi.

Tinaikokera ku garajayi chifukwa ndi imene anthu ambiri amaitama pa zamagetsi. Mnyamata uja anatenga mashini a diagnosis, ofufuzira vuto la galimoto, n'kuwalumikiza pansi pa chiwongolero, n'kudina kawiri. Mashini osayaka n'komwe. Osatsegula ngakhale boneti, anangowongoka n'kunena kuti, "Mayi, computer box yapsa. Ikufunika ina, komanso makiyi tiwapange programme." Computer box ndi kompyuta imene imayendetsa injini. Nditamufunsa ngati waona mafyuzi, anandiyankha akuyang'ana foni yake kuti, "Izi ndi zamagetsi mayi, simungazimvetse." Mawu amenewa akundiwawabe mpaka lero. Galimoto ndi yanga, ndalama zimene ankafuna kuti ndisiye ndi zanga, ndiye ndikafunsa funso limodzi ndakhala wosamva? Ndinakana kupereka dipoziti. Galimoto inakhala pamenepo masiku anayi, palibe anandiimbira.

Tsiku lachisanu ndinapita kuti ndikaichotse ndikayese kwina. Ndikudikira galimoto yoti iikoke, kunatulukira bambo wina wachikulire atavala ovolosi yothimbirira, multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) ili m'thumba. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kundipempha kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Sanandidule mawu. Nditatchula za hutala anaimika dzanja. "Hutala ikulira, mayi? Ndiye tisathamangire computer box. Magetsi akufika mbali ina, mbali ina aduka."

Anatsegula bokosi la mafyuzi limene lili pafupi ndi batire, n'kundiitana kuti ndiwerame ndione ndekha. Pakati pa timafyuzi tating'ono panali fyuzi imodzi yaikulu yolembedwa 120A, yokhala ndi kagalasi pamwamba. Kagalasiko kanali katada ndi utsi, ndipo kachitsulo ka m'kati kanali katadukiratu pakati, nsonga zake zitasungunuka. Sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Masiku anayi galimoto ili pabwalo, chinthu chili poyera chotere! Fyuzi imeneyi siyozula ndi zala ngati zinzake, ndi yomanga ndi mabawuti kunsi, moti bambowa anachita kumasula bokosi lonse n'kulitembenuza, atayamba achotsa waya wa minus pa batire. Mnyamata uja atayandikira n'kunena kuti angolumikizapo kawaya kuti tione ngati ilire, bambowa anakana. Anati fyuziyo ndiyo yapulumutsa mawaya a galimoto yonse kuti asapse, ndipo ukaikapo waya wamba wachotsa mlonda pakhomo. Anatuma munthu kukagula ya 120A yeniyeni.

Kenako anayeza timafyuzi tonse kamodzikamodzi, pa injini ndi pansi pa dashibodi. Anapeza tiwiri takupsa: ka buluu ka 15A kopereka magetsi ku computer box, ndi ka 7.5A ka polumikizira mashini a diagnosis paja. Anandionetsa kuti polumikizirapo pali mabowo 16, ndipo bowo la nambala 16 ndi limene limapereka magetsi a batire ku mashiniwo. Bowolo linalibe magetsi. Ndiye mashini a mnyamata uja akanayaka bwanji? Iye anaona mashini osayaka n'kuweruza kuti computer box yafa. Bambowa ataika batire lawo lodzaza n'kupotokola kiyi, magetsi a pa dashibodi anayaka onse, injini n'kulira kamodzi kokha. Misozi inalengeza m'maso mwanga, sindikubisa.

Apa mtima wanga unayamba kufewa pa garajayi, chifukwa ine ndinali wokonzeka kulipira n'kunyamuka, koma bambowa anati ayi, ntchito siinathe. Anandilozera kanyali ka batire pa dashibodi, kamene kankaonekabe mwa chizimezime injini ikulira. Anaika multimeter pa batire. Injini isanalire inkawerenga mavolti 12.6, monga batire lodzaza liyenera kukhalira. Injini ikulira imayenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, koma yanga inkangoima pa 12.4, ndipo atayatsa magetsi akutsogolo inayamba kutsika. Anatembenuza multimeter kupita pa AC, poyezera magetsi osinthasintha mbali, n'kuwerenga zopitirira volti imodzi, pomwe alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) yabwino siyenera kufika ndi theka lomwe la volti. Anati madiode a mu alternator apsa. Anafotokoza kuti madiode ali ngati zitseko zotsegukira mbali imodzi, ndiye ukasemphanitsa mawaya, mphamvu yonse ya batire linalo imadutsa m'zitsekozo nthawi imodzi, n'chifukwa chake fyuzi yaikulu imaduka. Ndikanachoka tsiku limenelo, galimoto ikanayenda ndi mphamvu ya batire yokha mpaka kundizimira pamsewu, mwina usiku.

Sanandiuze kuti ndigule alternator yatsopano. Anaimasula, n'kusintha chigawo chokhala ndi madiode chokha, ndipo chakalecho anandipatsa m'manja kuti ndione pamene panapserera. M'mawa mwake multimeter inawerenga 14.2. Anachitanso china chimene sindinawapemphe: anazimitsa galimoto, n'kutseka zitseko zonse, n'kudikira pafupifupi theka la ola kuti zonse zigone, kenako n'kuyeza magetsi amene galimoto imadya itaima. Anapeza 30 mA (mA ndi muyezo wa magetsi ochepa kwambiri). Anati zikakhala pansi pa 50 palibe chimene chikuba magetsi usiku, ndipo anayeza zimenezi chifukwa diode yakupsa imatha kumaliza batire galimoto ili chiimire. Batire langa analitchaja usiku wonse n'kuliyeza, ndipo lidakali labwino. Asanandipatse makiyi anandionetsa kajampitsidwe koyenera: chofiira pa plus ya batire lakufa, chofiira china pa plus ya labwino, chakuda pa minus ya labwino, ndipo chakuda chomaliza pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Anapukuta pamwamba pa batire langa kuti zizindikiro za plus ndi minus zizioneka, popeza zinali zitakwiririka ndi fumbi.

Mkwiyo unabwereranso polipira. Pa bilu anaikapo diagnosis, ija ya mashini amene sanayake n'komwe, ndiponso ya malo oimikapo galimoto masiku anayi amene palibe anaigwira. Ya malo anachotsa bambo wamagetsi aja atalankhula ndi abwana awo. Ya diagnosis anakaniratu, akuti ndi lamulo lawo. Mnyamata uja ndiye anandipatsa lisiti, osapepesa, osandiyang'ana ndi kumaso komwe.

Papita milungu itatu tsopano, galimoto ikulira m'mawa uliwonse popanda vuto ndipo kanyali ka batire sikanayakenso. Wailesi yokha ndiyo sinapulumuke. Fyuzi yake ndi yabwino koma siikuyaka, ndipo bambowa anandiuziratu kuti yapsa m'kati. Ndidzapitanso mwezi wamawa kuti akandiikire ina, koma makiyi ndidzawapereka m'manja mwa bambo a kuseri aja.