Piriton kapena cetirizine: woyenera ndi uti kwa amene mukutchetcha ndi kusesa pakhomo?

Kuno ku Salima, mvula ikamatha mu Epulo udzu wa tsekera umakhala ukuwaza mungu. Meyi ndi Juni anthu ayamba kutchetcha, kusesa masamba ouma ndi kupuntha mpunga ku Lifuwu, kenako mwera umaulutsa fumbi lonselo. Ena akangogwira chikwakwa amayetsemula mosalekeza, mamina a madzimadzi ali chuchuchu, maso ofiira ndi oyabwa. Chimfine chotere sichipatsirana, ndipo sichitenthetsa thupi. Thupi likatentha, pitani mukayezetse malungo kaye.

Mapiritsi amene ambiri amagula ndi awiri, ndipo onse amaletsa histamine, yomwe thupi limatulutsa likakumana ndi mungu kapena fumbi.

Piriton, amene dzina lake lenileni ndi chlorpheniramine, amabwera pa 4 mg. Wamkulu amamwa limodzi maola 4 mpaka 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 6 pa tsiku. Ndi wotsika mtengo ndipo savuta kupeza. Vuto lake ndi loti amafika mu ubongo, choncho amagonetsa ndi kuchedwetsa maganizo ngakhale mwini wake akudzimva kuti ali bwinobwino. Munthu wotere sayenera kugwira chikwanje, kukwera pa denga kukafolera, kuyendetsa kabaza kapena kupalasa bwato usiku. Amaumitsanso m'kamwa, ndipo abambo achikulire amene mkodzo umawavuta kale kutuluka akhoza kutsekeratu. Ndi mowa, tulo take timachita kunyanya.

Cetirizine ndi 10 mg, kamodzi pa tsiku. Amayamba kugwira pasanathe ola ndipo amakhala m'thupi tsiku lonse. Sagonetsa kwambiri, komabe alipo amene amawafooketsa, ndiye tsiku loyamba yesani madzulo muone mmene thupi likumulandirira. Odwala impso, amayi oyembekezera ndi ana afunse kuchipatala za mlingo.

Kwa wogwira ntchito masana, cetirizine ndiye wabwino, ndipo kusiyana kwa mtengo kumachepa mukawerenga kuti Piriton amafunika atatu kapena anayi pa tsiku. Mwani cetirizine ola limodzi musanayambe ntchito, osadikira kuti mphuno ziyambe kaye. Piriton musungireni usiku womwe chitedze chakuyabwani mpaka kusowa tulo. Musamwe onse awiri tsiku limodzi.

Onsewa amalephera pa mphuno zotsekeka. Apo pamafunika mankhwala opopera m'mphuno monga beclomethasone, amene amatenga masiku angapo kuti aoneke mphamvu, ndiye ambiri amawasiya tsiku lachiwiri poganiza kuti sakugwira. Kutsuka mphuno kumathandizanso: sipuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosasefukira, mu theka la lita ya madzi owiritsa ndi kuzizitsa. Madzi a m'nyanja kapena a pachitsime osawiritsa asalowe m'mphuno.

Piritsi silichepetsa fumbi lomwe mukupuma. Mungu ndi waukulu ndithu moti ngakhale masiki ya nsalu yopinda kawiri imaugwira, bola isasiye mipata m'mbali mwa mphuno. Utsi wa zinyalala ndi wosalala kwambiri ndipo umadutsa nsalu. Umafuna masiki yapadera yotchedwa N95, yomwenso siigwira bwino pa nkhope ya ndevu. Kuli bwino masambawo muwakwirire m'dzenje akhale manyowa kusiyana n'kuwatentha. Wazani madzi pabwalo tsache lisanagunde pansi, imani moti mphepo ikhale kumsana kwanu, ndipo mukamaliza sambani mutu ndi kusintha zovala musanakhale pa mphasa yogonapo.

Ngati pachifuwa pakulira kapena mpweya ukubanika, imeneyo ikhoza kukhala mphumu, ndipo mapiritsi awiriwa sangaitsegule. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chikayezedwe TB.