Ndalama ya IHS: zomwe ndaona patatha chaka ndi theka ku England

Immigration Health Surcharge, yomwe ambiri timangoti IHS, ndi ndalama yomwe obwera ku UK amalipira kuti azithandizidwa m'zipatala za boma. Ine ndinailipira pofunsira viza ya Skilled Worker. Kuyambira pa 6 February 2024 munthu wamkulu amalipira £1,035 pachaka, mwana £776, ndipo amafuna ya zaka zonse za viza nthawi imodzi. Yanga yokha ya zaka zitatu inakwana £3,105 ndisanakwere n'komwe ndege. Onjezani ya mayi akunyumba ndi ya mwana. Inapweteka, ndipo mtima umawawabe ndikaona kuti pamalipiro akudulanso msonkho ndi National Insurance mwezi uliwonse. Anzathu a viza ya Health and Care Worker salipira IHS.

Komabe ndalamayi yatigwirira ntchito. Mwana wathu ali ndi mphumu. Usiku wina nyengo yozizira anayamba kubanika, pakati pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Tinaimba 111, nambala yofunsira malangizo a zachipatala, anatiuza kuti tithamangire kuchipatala, kugawo la odwala mwadzidzidzi lotchedwa A&E. Anamuika chophimba kukamwa cha mankhwala a nthunzi, anamugoneka, ndipo potuluka palibe anatifunsa ngakhale khobidi. Mankhwala ake opopera ndi aulere chifukwa sanakwane zaka 16. Pa izi zokha sindidandaula.

Koma musaganize kuti zonse n'zaulere. Ine ndimamwa mitundu iwiri ya mankhwala a BP, ndipo ku England mtundu uliwonse ndi £9.90 ukamakatenga ku famase, pomwe ku Scotland ndi Wales salipiritsa. Chinandithandiza ndi prepayment certificate ya £114.50 pachaka: ukagula, mankhwala onse olembedwa ndi dokotala umangotenga. Mano ndi magalasi, akuluakulu ambiri timatulutsa za m'thumba. Kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, lembetsani mukangofika, musadikire matenda.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti IHS imathera m'malire a UK. Ukadwala uli kumudzi patchuthi, siikuthandiza. Siikhudzanso za maliro. Munthu akatisiya kuno, kutumiza thupi ku Malawi ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo timaona mabanja akuyenda ndi chipewa m'magulu a WhatsApp ali pakati pa chisoni. Ine ndinatenga inshuwalansi ina ya maliro. Musanasaine yanu, werengani bwino ngati alembamo zonyamula thupi kupita kumudzi, chifukwa zina zimangolipira mwambo wa konkuno.